Ubongo ukasanduka tebulo la manambala

Ubongo wanu uli ndi gawo lakunja lamakwinya lotchedwa cortex. Timalidalira poganiza, polankhula ndi pokumbukira, koma ndi lopyapyala zedi, kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita 2.5. Matenda a Alzheimer's amalipyapyalitsa, kuyambira madera okhudza kukumbukira. Nanga asayansi amaliyeza bwanji lili m'chibade cha munthu wamoyo?

Amayamba ndi kujambula mutu ndi makina a MRI, omwe amagwiritsa ntchito maginito amphamvu. Zithunzizo amazilowetsa mu pulogalamu ya pakompyuta ngati FreeSurfer, yopangidwa ku Martinos Center ku Boston m'dziko la America. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi Bruce Fischl. Pulogalamuyi imapeza malire amkati ndi akunja a cortex, ndipo mtunda wapakati pa malirewo ndiwo kuchindikala. Kenako imagawa mbali iliyonse ya ubongo m'zigawo 34 potsata mapu a Desikan-Killiany a mu 2006. Kumanzere ndi kumanja pamodzi, zigawo 68.

Tinene kuti wofufuza ali ndi odwala 40 ndi athanzi 40. Aliyense ali ndi mafayilo akeake, ndiye kukopera pamanja kungakhale chintchito. Lamulo lotchedwa aparcstats2table limasonkhanitsa miyeso yonse mu tebulo: mzere wopingasa ndi munthu mmodzi, mzere wotsika ndi chigawo chimodzi. Akatero amapeza avereji ya gulu lililonse n'kuyerekeza.

Apa m'pamene ine mphunzitsi wa Fizikisi ndimati tadekhani kaye. Nambala ingaoneke yaukhondo bwanji mu tebulo, ndi muyeso basi, ndipo muyeso uliwonse umaphonya pang'ono. Mu labu ndimakaniza ophunzira kuyeza waya wina ndi micrometer, wina ndi rula, kenako n'kumayerekeza. Ku ubongo ndi chimodzimodzi. Makina a MRI osiyana, kapena FreeSurfer yakale ndi yatsopano, zimatha kupereka manambala osiyana pa munthu yemweyo. Komanso munthu akamagwedeza mutu pojambulidwa, cortex imaoneka yopyapyala kuposa mmene ilili. Ngati odwala ndiwo amagwedezeka kwambiri, wofufuza akhoza kunena kuti matenda adya ubongo pomwe vuto ndi chithunzi. N'chifukwa chake amayenera kuona ndi maso malire amene kompyuta yajambula asanakhulupirire tebulo.

Palinso msampha wa masamu. Poyerekeza magulu, asayansi ambiri amavomereza mpata wolakwitsa wa 5 pa 100. Chulukitsani 68 ndi 0.05, mupeza 3.4. Ndiye kuti zigawo pafupifupi zitatu zikhoza kuoneka zosiyana mwangozi chabe, ngakhale magulu awiriwo atakhala ofanana. Ofufuza osamala amakhwimitsa malirewo akamayesa zigawo zambiri.

Choncho mukawerenga kuti ubongo wa gulu lina ndi wosiyana ndi wa anzawo, funsani: anayeza ndi makina amodzi? Anaona zithunzi ndi maso? Anayerekeza zigawo zingati?