Usiku umene nthaka inagwedezeka ku Mchinji

Ana inu, tsiku lililonse pa kalendala lili ndi nkhani yake. Lero titenge tsiku limodzi lokha, 10 Marichi, ndipo tibwerere nalo ku Mchinji Boma m'chaka cha 1989.

Linali Lachisanu, nyengo ya dzinja, chimanga chili chobiriwira m'minda. Nthawi imeneyo dziko lathu linkalamulidwa ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo Mchinji inali itasiya kalekale dzina lake lachitsamunda lija la Fort Manning. Usiku, kutangotsala mphindi zochepa kuti 12 koloko ikwane, anthu ambiri ali m'tulo, nthaka inayamba kunjenjemera. Chinali chivomezi, chimodzi mwa zivomezi zazikulu zimene zinachitikapo m'Malawi muno.

Chodabwitsa n'chakuti chivomezichi sichinayambire ku Mchinji ayi. Chinayambira kufupi ndi Salima, kum'mawa kutali, cha kunyanja, pansi pa nthaka makilomita pafupifupi 30. Komatu kuchoka ku Mchinji kukafika ku Salima pa basi ndi ulendo wa maola angapo, wodutsa mu Lilongwe. Nanga kugwedezekako kunafika bwanji kumalire a Zambia?

Tiyeni tiyambe ndi zimene zili pansi pa mapazi athu. Pansi pa dothi limene timalimamo mtedza ndi fodya pali thanthwe lalikulu. Thanthwelo si lathunthu, lili ndi ming'alu italiitali. Kuno kum'mawa kwa Africa, mbali ziwiri za thanthwelo zikutalikirana pang'onopang'ono kwambiri, mamilimita ochepa chabe pachaka, moti inu simungaone ndi maso. Kutalikirana kumeneku, kwa zaka mamiliyoni ambiri, ndi kumene kunapanga chigwa chachikulu chimene munadzaza madzi n'kukhala Nyanja ya Malawi. N'chifukwa chake nyanja yathuyi ndi yaitali, yopyapyala komanso yakuya kwambiri, mpaka mamita pafupifupi 700 pamalo ena.

Tsono thanthwe likamakokedwa silisuntha tsiku ndi tsiku. Limapirira. Munapindapo kamtengo kouma? Kamayamba kakana, mukapitiriza kupinda kenako kamangoti thyo! Thanthwe nalonso limapirira zaka zambirimbiri, ndiye tsiku lina limatsetsereka mwadzidzidzi pamng'alu paja. Mphamvu yonse imene inkaunjikana imatuluka nthawi imodzi n'kufalikira mbali zonse kudzera m'miyala. Imathamanga koopsa, makilomita angapo pa sekondi imodzi. Choncho usiku umenewo, pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe chiyambireni ku Salima, Mchinji inali itayamba kale kugwedezeka. Sizinathere pomwepo. Anthu anachimvanso kum'mawa kwa Zambia, ngakhalenso ku Tete ndi ku Niassa m'dziko la Mozambique. Chivomezi sichiima pachipata cha Mwami, pamalire a Malawi ndi Zambia, kuti chionetse pasipoti.

Akatswiri amayeza kukula kwa chivomezi ndi makina amene amalemba kunjenjemera kwa nthaka, ndipo cha 1989 mphamvu yake inapitirira 6 pa muyeso wawo. Nambala imeneyi ikuoneka yaing'ono, koma musaipeputse. Chivomezi cha 6 chimatulutsa mphamvu yoposa ya chivomezi cha 5 kuwirikiza ka 30 ndi kupitirirapo.

Apa nkhani yathu ikufika pomvetsa chisoni. Anthu osachepera 9 anamwalira, ena pafupifupi 100 anavulala, ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pokhala. Nyumba zinawonongeka m'madera a Salima, Dedza ndi Mchinji. Taganizirani, kusowa pogona m'nyengo ya mvula! Chimene chimapweteka anthu kawirikawiri si nthaka yeniyeniyo, koma zipupa ndi madenga ogwa. Nyumba ya zidina zosawotcha, kapena ya njerwa zomangira dothi, imagumuka msanga ikagwedezeka. Ine ndimaona kuti phunziro limeneli sitinaligwiritsitse, chifukwa mu Disembala 2009 zivomezi zinagwetsanso nyumba zambiri ku Karonga. Amene mudzakhale amisiri omanga nyumba, maziko olimba ndi simenti yokwanira musadzazione ngati kuwononga ndalama.

Palibe munthu, ngakhale katswiri wa ku ofesi yoona za miyala ku Zomba, amene anganene tsiku limene chivomezi china chidzabwere. Koma mukhoza kudziwiratu chochita. Chikakupezani m'kalasi, gwadani, lowani pansi pa desiki ndi kuphimba mutu mpaka kugwedezeka kutasiya, kenako tulukani mwadongosolo osakankhana pakhomo. Chikakupezani panja, khalani pabwalo poyera, kutali ndi zipupa, mitengo ikuluikulu ndi mawaya amagetsi. Musathamangire kubwerera m'nyumba yong'ambika, chifukwa pambuyo pa chivomezi chachikulu pamabweranso tina ting'onoting'ono.

Anthu amene anaona usiku umenewu alipo ambiri, ena mumadya nawo nsima tsiku ndi tsiku. Madzulo ano khalani pansi mwaulemu ndi kuwafunsa kuti, "Agogo, kodi chivomezi cha 1989 chinakupezani muli kuti? Munachita chiyani?" Zimene akuuzeni mulembe m'kope lanu, muike dzina la mudzi wanu ndi tsiku limene mwalembalo, ndipo mawa mukawerengere anzanu kusukulu.