Fupa la Msana Likathyoka: Zimene Madokotala Amacita

Pa nchito zathu za ulimi timakwera zinthu zambiri: denga la khola, nkhokwe, mtengo wa mango, ndiponso ngolo yodzaza matumba a cimanga. Tsiku lina phazi limaterereka, kapena ng'ombe zimadzidzimuka n'kugubuduza ngolo, ndipo munthu amagwa cagada. Ngozi yotere ingathyole msana. Taona kuti n'koyenera kufotokoza cithandizo cimene cilipo, kuti zoterezi zikagwa pamudzi tisacite zinthu mwa mantha.

Msana uli ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa cifuwa, 5 m'ciuno, ndipo totsalato tili kumunsi kwenikweni. M'kati mwa timafupati mumadutsa mtsempha waukulu wocokera ku ubongo, umene umalamulira manja, miyendo, cikhodzodzo ndi matumbo. Fupa limapola, koma mtsemphawu ukaduka sulumikizikanso. N'cifukwa cake madokotala amayamba ajambula msana ndi makina a X-ray, CT kapena MRI, kuti aone ngati fupa lasuntha ndiponso ngati mtsempha wapanikizika.

Si aliyense wothyoka msana amene amacitidwa opaleshoni. Ngati fupa langophwanyika pang'ono koma lili m'malo mwake, wodwala amavala lamba wolimba wogwira msana kwa milungu 8 mpaka 12, ndipo limapola lokha. Opaleshoni imafunika pamene msana wagwedera, kapena zidutswa za fupa zatsamira mtsempha.

Zikatero, dokotala amang'amba kumbuyo n'kucotsa fupa limene likupanikiza mtsemphawo. Kenaka amaboola timafupa tabwino ta pamwamba ndi pansi pa pothyokapo, n'kulowetsamo misomali yonga mabawuti, imene amaimanga ku timitengo tiwiri tacitsulo. Citsulo cake nthawi zambiri cimakhala titanium, cimene sicicita dzimbiri m'thupi. Kawirikawiri amatenganso kafupa kakang'ono pa fupa la m'ciuno mwa wodwalayo n'kukaika pamenepo, kuti pakapita miyezi timafupato timere pamodzi n'kukhala fupa limodzi. Ife alimi tingayerekeze ndi kumezanitsa mtengo wa malalanje: comangira cimagwira kufikira mitengo iwiriyo itagwirana.

Pothyoka pakakhala m'khosi, nthawi zina amayamba akoka mutu pang'onopang'ono ndi zitsulo zolemera kuti mafupa abwerere m'malo, ndipo pambuyo pake amawamanga ndi kacitsulo kaphanthiphanthi, polowera kutsogolo kwa khosi. Kwa okalamba amene mafupa awo anafewa, pali njira ina imene inayambira ku France mu 1984: amabaya jekeseni wa simenti yapadera m'fupa lophwanyikalo, ndipo ikauma ululu umacepa.

Opaleshoni zotere zimafuna akatswiri ndi zipangizo zosapezeka pa cipatala ciliconse, motero wodwala amatumizidwa ku cipatala cacikulu monga University Teaching Hospital ku Lusaka. Ngati mtsempha wapanikizika, madokotala amafuna kuumasula maola 24 asanathe. Tisataye masiku ndi kuthowa, kuwongola kapena kutemera mphini.

Mbali yathu imayamba pamalo pa ngozi. Wovulala akamva ululu pamsana kapena m'khosi, dzanzi, kapena akalephera kugwedeza miyendo, tisamudzutse, tisamubereke, ndipo tisamukweze pa njinga. Anthu anayi amuike pa citseko kapena thabwa, mmodzi atagwira mutu kuti mutu, khosi ndi thupi zikhale zowongoka. Kunyamula molakwika kungadule mtsempha umene unapulumuka pa ngoziyo.

Tidziwenso malire a opaleshoni. Imalimbitsa msana ndi kuteteza mphamvu imene yatsala, koma sibweza nthawi zonse miyendo imene yafa. Ngakhale zili tero, imathandiza wodwala kukhala tsonga msanga, ndipo izi zimacepetsa cibayo ndi zilonda zobwera cifukwa ca kugona. Wosatha kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse.

Amene wacira angafune kubwerera kumunda mofulumira, poopa kuti banja ligona ndi njala. Koma khasu, pulawo ndi thumba la makilogalamu 50 ziyenera kudikira kufikira dokotala atalola, ndipo zimatenga miyezi. Apa m'pamene ife anzake a mumpingo ndi a m'gulu la alimi tiyenera kumulimira, kumupalirira ndi kumukololera caka cimeneco, kuti iye apole mosada nkhawa ndi munda wake.