Ikani mapu pa vidiyo, anthu aone kumene mwayenda

Mwakwela basi pa Intercity, mwajambula njila yonse mpaka ku Chipata, vidiyo mwaiponya pa TikTok, koma anthu angofunsa kuti "ni kuti uku?" Chasowa ni mapu chabe, ndipo simufunika kulipila munthu.

Tsegulani Google Maps, lembani Lusaka na Chipata. Mzele wa buluu uzaoneka pa Great East Road. Chayani screenshot, koma dzina ya Google pansi paja osaijuba, eni ake amafuna izioneka.

Manje ngenesani chithunzi mu CapCut. Ikani ka sticker ka basi pa Lusaka, dinani keyframe. Pitani kutsogolo pang'ono, kasunthileni pa Luangwa Bridge, ndiye Nyimba, Petauke, Katete mpaka Chipata. Mukachaya play, ka basi kazayenda kokha. Masekondi 5 yakwana. Ikatalika anthu apitilila, bundle ni yodula.

Chenjelani apa: mapu iyambile pa Intercity, osati pa geti yanu ku Chawama. Mukaonetsa nyumba na kulengeza kuti muli ku Eastern wiki yonse, akawalala mwaaitana mweka. Vidiyo muziponya mukabwela.