Pogula mthuthuthu wakufa, funsani chidaupha

Aliyense amene ali ndi njinga yamoto mumzinda uno wa Lilongwe andivomereza kuti masiku ano njinga ikadwala, mwini wake ndiye amagona ndi njala. Ndalama yathu ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Poti dziko lino silipanga ngakhale pulagi, sipeya aliyense wochokera kunja adakwera mtengo moti ena tikalowa m'sitolo timangofunsa n'kutuluka ngati tasochera.

N'chifukwa chake ambiri tatengera nzeru imene amakaniko a ku Biwi ndi ku Mchesi akhala nayo kuyambira kalekale: kugula njinga yakufa yofanana ndi yako, kuiphwasula, n'kumachotsako ziwalo pang'onopang'ono kudyetsa yamoyo ija. Nzeruyi ndi yabwino ndipo ine ndili m'gulu la oitsata. Koma lero tikambirane, abale anga, poti malonda amenewa ali ndi mbali ina imene tikuitsinzinira dala.

Tiyambe ndi komwe mitembo ya njingazi imapezeka. Lilongwe adasanduka likulu la dziko mu 1975, ndipo madera monga Area 14, Area 10 ndi Area 43 adakonzedwa kuti akhale a nyumba zikuluzikulu. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 mabungwe omwe si aboma adachuluka, ndipo zina mwa nyumba za ku Area 14 zidasanduka maofesi. Mabungwewa amagulira alangizi awo akumidzi njinga zolimba monga Yamaha DT 125, Yamaha AG 200 ndi Honda XL 125. Pulojekiti ikatha, kapena njinga ikatopa ndi matope a ku Kasiya kaya ku Nkhoma, amaibweretsa ku likulu n'kuitsamiritsa kuseri kwa ofesi. Panja pa mpanda mumangoona maluwa ndi mlonda, koma m'katimo muli manda a mithuthuthu.

Ine yanga ndi AG 200, mtundu umene a Yamaha adapangira alimi, n'chifukwa chake tcheni chake n'chotsekeredwa kuopa matope. Itayamba kuvuta magiya, ndidamva kuti bungwe lina ku Area 14 likugulitsa katundu wakutha kwa amene atchule mtengo wokwera. Ndidapita ndi makaniko wanga. Njingayo tidaipeza pansi pa mtengo wa mango, matayala ataphwa, mpando utang'ambika, mavu atamanga kunsi kwa thanki. Mlonda adatiyang'ana modabwa nati, "Bwana, iyitu yaona mvula zitatu ili pompano. Mukaitani?" Makaniko adaseka. "Madala, nkhope yake tilibe nayo ntchito, ife tabwerera zam'mimba."

Zimene adachita mnyamatayo n'zofunika kuziphunzira. Adayamba waponda kiki kuti amve ngati injini ikutembenuka kapena pisitoni idamatirira. Adayang'ana oyilo, poti akatuwa ngati phala ndiye kuti mudalowa madzi ndipo m'katimo mwachita dzimbiri. Adazunguza mawilo kuona ngati malimu sadapindike, nafufuza felemu pakhosi, pomwe pamang'aluka njinga ikawombana ndi chinthu. Adalowetsa magiya onse asanu uku tikuikankha. Koposa zonse adatsimikiza kuti mtundu ndi umodzi ndi yanga. DT 125 imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo pamene AG 200 siitero, choncho ziwalo za injini zawo sizilowana. Njinga zambiri za ku China zimene a kabaza amayendetsa zili ndi injini yotengera Honda CG 125, yomwe idatuluka mu 1975, motero zina zimabwerekana ziwalo, komabe si zonse. Safunsa adadya phula.

Tsono nayi nkhani yaikulu. Ndisadapereke ngakhale tambala, ndidapempha zinthu zitatu: bulu buku, kalata yogulitsirana yokhala ndi chidindo cha bungwelo, ndi umboni woti za msonkho zili m'malo. Chachitatuchi ambiri sachidziwa. Mabungwe ena amaloledwa kulowetsa njinga m'dziko muno osalipira msonkho, ndipo katundu wotere sagulitsidwa a Malawi Revenue Authority asadavomereze. Titatero tidapukuta nambala ya injini ndi ya tchesisi n'kuziyerekeza ndi zolembedwa m'bukumo. Zidafanana.

Wina afunsa: mapepala a chiyani pa chinthu choti mawa ukachiphwasula? Yankho lili m'nyuzipepala zomwe timawerengazi. Nkangati tamva kuti mnyamata wa kabaza wapezeka patchire atakhapidwa, mwinanso ataphedwa, njinga yake itapita? Wakuba sasunga njinga yathunthu nthawi yaitali chifukwa imadziwika. Amaiphwasula msangamsanga, injini ilowera uku, mawilo uko, thanki aipenta. Komanso si chinsinsi kuti njinga zambiri za kabaza zidalowa m'dziko muno kudzera m'njira zachidule za m'malire ndi Mozambique ndipo sizidalembetsedwe ku Road Traffic. Mwini wake, ngakhale atapulumuka, amasowa pogwira pokadandaula.

Nanga msika wa mbava zimenezi ndi ndani? Ndi ife tomwe, ogula sipeya wotchipa osafunsa komwe wachokera. Sipeya wina amene tikumusekerera kuti tamupeza pamtengo wozizira adachotsedwa panjinga ya mwana wa mnzathu amene adaikidwa dzana. Lamulo nalo silisekerera: kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo kupezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ngwakuba n'kulephera kufotokoza komwe udamutenga ndi mlandunso.

Pali chinanso. Sabata isadathe, munthu wina amene adamva kuti ndagula njinga yakufa adandipeza. "Achimwene, zitsulozo khalani nazo, ine mungondigulitsako nambala ndi bulu buku." Mtengo umene adatchula udali wothetsa mankhalu, koma ndidakana. Nambala ya njinga yakufa ikamatidwa panjinga yakuba, yakubayo yabatizidwa, ndipo tsiku limene idzagunde mwana kapena kuthawitsa achifwamba, apolisi adzagogoda pakhomo pa amene dzina lake lili m'kaundula. Njinga mukaiphwasula, pitani ku Road Traffic mukawadziwitse kuti siidzayendanso pamsewu.

Tibwere ku kanyamulidwe. Njinga yakufa siyenda yokha, ndipo apa Amalawife timaonetsa luso loopsa. Ndaonapo wina akukoka njinga inzake ndi chingwe pakati pa maminibasi ku Old Town. Ndaonapo ina itagonekedwa chopingasa pamsana pa kabaza, mahandulo akukanda galimoto za eni. Ena amaipanikiza m'minibasi, petulo akudonthera pamapazi a anthu. Chipatala cha mafupa cha LION, chimene chidayamba kulandira odwala pa Kamuzu Central mu 2023, chili kale ndi ntchito yokwanira ya ovulala panjinga. Tisachiwonjezere ina.

Ine ndidabwereka thirela imene mnzanga amatutira chimanga. Musadaikoke thirela, onani kuti ili ndi nambala yake, magetsi a buleki ndi okhotera akuyaka, matayala ali ndi mpweya, ndiponso pali tcheni cholumikiza ku galimoto kuti pokolekera pakamasuka isathawe yokha. Njinga ngati AG 200 imalemera kuposa matumba awiri a chimanga, ndipo ya matayala akuphwa siikankhika. Ife tidali atatu ndi thabwa lochindikala lokwezera. Tidayamba takhuthula petulo wotsalira ndi kuchotsa batire. Tayala lakutsogolo tidaligunditsa kukhoma lakutsogolo kwa thirela n'kulipana ndi mitengo iwiri uku ndi uku, kuti kulemera kukhale patsogolo pang'ono pa matayala a thirelayo. Katundu akalemerera kumbuyo, thirela imayamba kuvina pamsewu ndipo imatha kupatutsa galimoto imene ikuikoka.

Zingwe zikhale zinayi, ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, chilichonse chikokere mbali yake. Zakutsogolozo mukoke mpaka masipuling'i atsike pang'ono, kuti njinga isamadumphe n'kuzimasula. Imangeni chilili, musadalire sitandi, poti pabampu loyamba imapindika kapena kuboola pansi. Ndipo chonde, malegeni asiyeni amangire matumba a makala. Amatamuka, njinga n'kugwera pamsewu wina akubwera pambuyo. Tizitsulo tonse togwedera tichotseni mutiike m'thumba.

Tidanyamuka cha m'ma 10 koloko m'mawa, apantchito atalowa kale m'maofesi. Titangotuluka mu Area 14 tidaima n'kukokanso zingwe, chifukwa zimakhwefuka ulendo ukangoyamba. Tidayenda pang'onopang'ono kudzera ku Old Town, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, kulowera ku Biwi pamsewu wa M1. Panjira wapolisi wapamsewu adatiimitsa. "Bambo, njingayi njandani?" Ndidamupatsa bulu buku ndi kalata ija. Adawerenga, adasuzumira nambala ya injini, nati, "Pitani bwino." Akadakhala kuti aliyense wonyamula njinga kapena injini amafunsidwa funso lomweli, mbava zikadasowa podzera. Kunyamula njinga usiku itafunditsidwa lona ndi khalidwe la munthu amene akubisa kanthu.

Pomaliza ndipemphe magulu angapo. Inu a mabungwe a ku Area 14 ndi madera ena, musamasunge njinga mpaka mavu amangemo. Zigulitseni msanga ziwalo zikadali zabwino, poyera, ndi mapepala okwanira. Mukatero sipeya wachilungamo achuluka ndipo wakuba achepa msika. Inu amakaniko, khalani ndi kabuku kolembamo dzina la aliyense wobweretsa injini kapena felemu, nambala ya chiphaso chake ndi nambala ya injiniyo. Zitupa za unzika zidaperekedwa m'dziko lonse lino kuyambira mu 2017, palibe chifukwa chogulira chinthu kwa munthu wopanda dzina. Inu apolisi, muziyenderako m'magaraja, osangodikira pamsewu.

Ndipo inu anzanga ogula, wogulitsa akayamba kuzemba mukamufunsa mapepala, kapena nambala ya injini ikaoneka yokwechedwa, bwezani ndalama m'thumba muzipita. Nanunso muli ndi njinga imene mumaiimika panja pa sitolo, ena muli ndi mng'ono wanu amene amabwera usiku kuchokera ku kabaza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.