Kukwera Takisi ku Johannesburg

Anthu ambiri a m'cigawo ca Tete amapita ku South Africa kukafuna nchito kapena kukagula katundu. Amadzera pa malire a Cuchamano, napyola Harare ndi Beitbridge, mpaka kukafika ku Johannesburg, mzinda umene agogo athu ankaucha Joni. Mwina nanunso tsiku lina mudzayenda ulendo umenewu. Mukadzafika, mudzayenda bwanji mumzinda waukuluwo?

Kuno kwathu timakwera chapa. Ku Zimbabwe galimoto yotere amaicha kombi, ku Tanzania daladala, ku Kenya matatu. Ku South Africa amangoti takisi. Galimotoyo ndi yofanana, koma kakweredwe kake n'kosiyana. Malamulo ake salembedwa pa cikwangwani ciliconse, ndipo mlendo wosawadziwa amatha kusocera kapena kutaya ndalama.

Matakisi adayamba bwanji?

Pa nthawi ya tsankho, boma la azungu linkakhazika anthu akuda kutali ndi mizinda. Soweto, mwacitsanzo, ali pa mtunda wa makilomita 15 kapena kuposerapo kucokera pakati pa Johannesburg. Anthu ankayenera kupita kunchito m'mawa uliwonse, koma mabasi ndi masitima sankakwanira. Anthu ena akuda adayamba kunyamula anzawo pa magalimoto awo. M'zaka za 1987 ndi 1988 boma lidafewetsa malamulo, ndipo matakisi a mipando 16 adaculuka kwambiri. Mpaka lero nchitoyi ili m'manja mwa anthu wamba, osati boma. Eni matakisi ali ndi mabungwe awo, ndipo bungwe lililonse lili ndi njira zake.

Kuimitsa takisi

Matakisi ambiri a ku Johannesburg salemba kumene akupita. Munthu amaima m'mbali mwa msewu nalankhula ndi dzanja. Akaloza cala cimodzi kumwamba, ndiye kuti akupita pakati pa mzinda. Akaloza pansi, akupita pafupi, m'dera lomwelo. Wopita ku Orange Farm amapinda zala ngati wagwira lalanje. Woyendetsa akaona cizindikiro ca njira yake amaima. Cikakhala ca njira ina, amangopitirira. Zizindikirozi n'zodziwika kwambiri moti m'caka ca 2010 zidajambulidwa pa masitampa a dzikolo.

Cizindikiro cimodzi cikhoza kukhala ndi tanthauzo lina mumzinda wina. Conco musakweze cala musanafunse anthu amene aima nanu.

Pamalo aakulu okwerera, monga a pa Bree ndi a pa Noord, anthu amaima pa mizere. Mzere uliwonse uli ndi kopita kwake. Pali munthu wolongosola mizereyo, ndipo ndiye woyenera kumufunsa. Takisi ilibe ola lonyamukira. Imanyamuka ikadzaza, monga chapa yathu.

Ndalama iyenda m'manja

Mu chapa muli kobradori wolandira ndalama. M'matakisi ambiri a ku Johannesburg mulibe. Galimoto ikanyamuka, anthu a mpando umodzi amasonkha ndalama zawo napatsira amene ali kutsogolo kwawo, akuchula kuti ndi za anthu angati. Ndalamazo zimadutsa m'manja ambiri mpaka kufika kwa amene wakhala pafupi ndi woyendetsa. Iyeyo amawerenga zonse nabweza cenji, ndipo cenjiyo imabwerera m'mbuyo momwemo mpaka kwa mwini wake.

Taganizani! Anthu osadziwana, olankhula zilankhulo zosiyana, akugwirirana ndalama. Ikasowa randi imodzi, woyendetsa akhoza kuima mpaka ipezeke, ndipo onse amacedwa. N'cifukwa cake aliyense amasamala ndalama ya mnzake ngati yake.

Apa pali maphunziro awiri. Loyamba: mlendo amene sanazolowere marandi asathamangire mpando wakutsogolo, cifukwa pamenepo pali nchito ya masamu. Laciwiri: konzeranitu ndalama yaing'ono musanakwere. Kutulutsa ndalama yaikulu m'mawa kumavutitsa anthu onse, komanso kumaonetsa akuba pamene pali cikwama canu.

Mothinana

M'takisi mumakhala mothinana, phewa kukhudza phewa. Katundu mumanyamula pamiyendo. Akakhala wamkulu, mukhoza kulipira mpando wina. Polowa perekani moni. Anthu ambiri kumeneko amamva Cizulu, ndipo moni wa anthu ambiri ndi "Sanibonani". Pasipoti ndi ndalama zikhale m'thumba la mkati. Mukaona kuti galimoto yadzaza kupitirira mipando yake, kapena matayala ake ndi akutha, dikirani ina. Kucedwa kuli bwino kuposa ngozi.

Kutsika

Takisi siima pokhapokha wina atanena. Wofuna kutsika amakweza mawu m'Cingelezi. Akati "after robot", afuna kutsika akangopitirira magetsi a pamsewu, pakuti kumeneko magetsiwo amawacha robot. Akati "short left", afuna kutsika pa kamsewu kotsatira ka kumanzere. Ngati malo simukuwadziwa, uzani woyendetsa kapena mnzanu wa pampando ulendo usanayambe. Nenani dzina la malowo momveka. Kawirikawiri pamapezeka wina wokukumbutsani mukafika.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kwa eni, munthu amayamba waona mmene anzake akucitira, napereka moni, nafunsa. Wotero amafika kumene akupita.

Mafunso

1. N'cifukwa ciyani matakisi adaculuka ku South Africa?
2. Kodi cala coloza kumwamba cimatanthauza ciyani ku Johannesburg?
3. Ndani amabweza cenji m'takisi yopanda kobradori?
4. Anthu 4 a mpando umodzi apereka marandi 100. Ngati aliyense alipira marandi 20, cenji yawo ndi ingati?
5. Kambiranani ndi anzanu: ndi malamulo ati a mu chapa amene mlendo wobwera kwathu ayenera kuwadziwa?