Sola ikafa, mwini wake ndani?

Dothi la ku Uraha, m'boma la Karonga, limadziwa kusunga zinthu. M'chaka cha 1991 akatswiri anafukulako chibwano cha munthu wamakedzana chomwe chinagona m'nthaka zaka zoposa 2 miliyoni. Ndiye tangoganizani batire la sola lotayidwa kuseri kwa nyumba, mtovu ndi asidi zikulowa m'dothi lomwelo pafupi ndi chitsime!

Inu amalonda mumagulitsa masola ngati mandasi, koma akafa simuonekanso. Chonsecho lamulo la zachilengedwe la 2017 likuti woononga ndiye alipire, ndipo wosunga kapena kunyamula zinyalala zoopsa akhale ndi chilolezo. Ine ndikuti a MERA, asanapereke laisensi kwa oika masola, aziwafunsa kuti mapanelo osweka ndi mabatire akufa azikawatula kuti. Wogula wa ku Uraha alibe galimoto yokawasiyira ku Lilongwe.