Chiyankhulo pa Wailesi za M'dera: Phunziro Lochokera ku Lilongwe ndi Dzaleka

Chiyambi

Kuyambira m'chaka cha 1975 pamene Lilongwe adasanduka likulu la dziko, anthu a zigawo zonse akhala akusamukirako. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mumzindawu mudali anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Pamsika wa ku Kawale, pamjigo wa ku Chinsapo ndi m'minibasi ya ku Area 25 mumamveka Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena. Chichewa ndicho chimalumikiza onsewa, komatu ambiri adachiphunzira atakula kale. Wailesi yofuna kutumikira anthu otere iyenera kusamala mawu ake, poti womvera sangathe kuimitsa muulutsi kuti abwereze.

Mbiri Mwachidule

M'chaka cha 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC. Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Zinthu zidasintha mu 1994 pamene Chitumbuka chidabwerera pa wailesi, ndipo m'zaka zotsatira nkhani zidayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga. Ntchito ya Bungwe la Chichewa idatengedwa ndi Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996.

M'chaka cha 1998 kudabwera lamulo limene lidakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka ziphaso kwa nyumba zoulutsira mawu. Chaka chomwecho wailesi ya Dzimwe idayamba ku Monkey Bay ndi thandizo la UNESCO, ndipo pambuyo pake padabwera zina monga ya Nkhotakota ndi ya Mudzi Wathu ku Mchinji. Wailesi zotere zimadalira kwambiri anthu ogwira ntchito popanda malipiro.

Chitsanzo choyandikana ndi Lilongwe ndi wailesi ya Yetu, imene idayamba kuulutsa mawu mu 2018 ku Dzaleka m'boma la Dowa ndi thandizo la UNHCR. Malowa adali ndende m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Dzina loti Yetu ndi la Chiswahili ndipo litanthauza "yathu". Wailesiyi idakonzedwa kuti othawa kwawo ndi Amalawi a midzi yozungulira azigwira ntchito pamodzi, m'ziyankhulo monga Chichewa, Chingerezi, Chiswahili ndi Chifalansa. Nkhani ya Dzaleka ikukhudza Lilongwe, chifukwa ambiri a anthu amenewa adakhala zaka zambiri akuchita malonda ku Mgona ndi madera ena a mumzindawu, kufikira mu 2023 pamene boma lidawabwezera kumsasa.

Mayina a Ntchitoyi

Mawu atatu amamveka potchula wailesi za mtunduwu: wailesi ya m'dera, wailesi ya m'mudzi ndi wailesi ya anthu. Oyambawo ndiwo akuoneka oyenera. Biwi kapena Area 23 ndi dera lokhala anthu ambiri osiyana mitundu, ndipo kulitcha mudzi kungasokoneze amene amadziwa mudzi ngati malo a nyakwawa ndi mbumba yake. Mawu oti wailesi ya anthu ndi otambalala kwambiri, pakuti wailesi iliyonse imaulutsira anthu.

Ogwira ntchito popanda malipiro ambiri amawatcha mavolontiya. Mawuwa adazika mizu ndipo sangathamangitsidwe, koma polemba ndi bwino kunena kuti ogwira ntchito mongodzipereka. Kungoti wodzipereka sikukwanira, chifukwa namwino wolandira malipiro akhozanso kukhala wodzipereka pa ntchito yake. Kachigawo ka -ngo- ndiko kakusonyeza kuti palibe mphotho.

Kalembedwe Kamamveka

Ena amaganiza kuti malamulo a kalembedwe alibe ntchito pa wailesi poti womvera saona pepala. Koma muulutsi amawerenga chimene mnzake walemba, kawirikawiri mwachangu ndiponso osayeserera. Cholakwika cha papepala chimatuluka pakamwa. Zitsanzo ndi izi:

(a) mawa ndi m'mawa. Chidziwitso choti katemera aperekedwa "m'mawa" chikalembedwa "mawa", mayi adzafika kuchipatala tsiku litapita kale.

(b) mbale ndi m'bale. Pa uthenga wa maliro, kusiya kachizindikiro kamodzi kumasandutsa munthu kukhala chiwiya chodyera.

(c) ngoma ndi ng'oma. Choyamba ndi nyama ya kutchire, chachiwiri ndi choimbira.

(d) pala ndi phala. Chilembo cha h chimasonyeza mpweya umene umasiyanitsa mawu awiriwa.

Palinso mawu olembedwa mofanana amene amasiyana pa kakwezedwe ka liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu. Chichewa sichilemba kusiyana kumeneku, choncho muulutsi amene Chichewa si chiyankhulo chake chobadwa nacho ayenera kuwerenga chiganizo chonse asanatsegule pakamwa. Mkonzi angamuthandize polemba kuti "mtengo wogulira" pamene pangakhale chikaiko.

Ziyankhulo Zapachibale

Chichewa ndi Chiswahili zili ndi mawu ambiri ofanana, monga nyumba, mbuzi, moto ndi mwana. Kufanana kumeneku kumapepukitsa ntchito, komanso kumapusitsa womasulira. M'Chiswahili jana ndi dzulo, pamene dzana la m'Chichewa ndi tsiku la dzulo lisanafike. M'Chiswahili kupita ndi kudutsa, pamene m'Chichewa ndi kunka kwina kwake. Msampha waukulu uli pa nthawi. Olankhula Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero kuti saa mbili asubuhi ndi 8 koloko m'mawa. Womasulira amene angowerenga nambala nkunena kuti 2 koloko wasocheretsa anthu ndi maola asanu ndi limodzi.

Zotere zimalemera kwambiri pa nthawi ya mliri. Kolera amene adayamba mu 2022 adavuta kwambiri mu Lilongwe, mpaka sukulu za mumzindawu zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Pa nthawi yotere tsiku, ola ndi muyezo wa mankhwala ziyenera kumveka chimodzimodzi m'chiyankhulo chilichonse.

Mawu Otchulira Anthu

M'misika ya Lilongwe anthu ambiri adazolowera kutchula aliyense wochokera ku maiko a kumpoto kuti Mburundi, ngakhale ali wa ku Congo kapena Rwanda. Dzinali likamveka pa wailesi limalandira mphamvu imene lidalibe pamsika. Choyenera ndi kunena kuti othawa kwawo, ndipo pamene dziko likufunika, litchulidwe lenilenilo. Mawu oti othawa nkhondo ndi oona kwa ambiri koma sakwanira onse, poti ena adathawa mazunzo a mtundu wina. Mawu oti obwera, amene amanenedwanso kwa Amalawi a zigawo zina, amapatula munthu pa dera limene wakhalamo zaka makumi awiri.

Zoyenera Kuchita

Vuto lalikulu la wailesi za m'dera ndi loti ogwira ntchito mongodzipereka sakhalitsa. Akapeza ntchito yamalipiro amachoka, ndipo luso lawo limapita nawo. Pachifukwa ichi wailesi iliyonse ikhale ndi kaundula wa mawu, momwe muzilembedwa liwu lililonse logwirizanidwa m'ziyankhulo zonse za wailesiyo, pamodzi ndi kalembedwe kake. Ngati asankha wailesi kapena wayilesi, mawu kapena mau, asunge chimodzi. Buku la Mtanthauziramawu wa Chinyanja, limene lidatuluka mu 2000, lisasowe patebulo la mkonzi. Zidziwitso za umoyo ndi za maliro ziziwerengedwa ndi anthu awiri zisanaulutsidwe.

Aphunzitsi ndi alembi okhala m'madera amenewa ali ndi gawo lawo. Ola limodzi pa sabata lothandiza kukonza kaundulayo lingapindulire anthu ambiri amene sadzatsegula buku la malamulo a kalembedwe koma amatsegula wailesi tsiku ndi tsiku. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.